Katundu wa Pretoria Yonse Ali m'Galaja mwa Madamu

Lolemba

Wopeza kope ili andikhululukire. Sukulu ndinalekeza sitandade folo, ndiye zilembo zina zagona chagada, zina zatsamira zinzake. Dzanja nalonso linazolowera mopu, osati bolopeni. Koma ngati mwalipeza, mwalipeza bwanji? Ndimalibisa pansi pa matiresi. Kodi chitseko ndakhoma? Ndakhoma.

Nkhani ya sabata ino: Lamulungu likubwerali ndikuvekedwa yunifolomu ya amayi a chigwirizano kutchalitchi kwathu. Zaka zonsezi ndakhala ndikukhala kumbuyo ndi chitenje changa. Tsopano ndikhala kutsogolo ndi anzanga, nditayera mbee! Bulauzi yoyera, duku loyera, siketi yakuda. Amayi anga kumudzi asoketsa kwa telala wa pa Lizulu. Akana kuti ndigule kuno ku Joni. Akuti, "Ya mwana wanga ndisita ndekha ndi manja angawa." Katunduyo wanyamuka kale, ali m'thirela ya a Wyson, thiransipota wathu.

Vuto ndi ili. Katundu wa ife Amalawi a ku Pretoria amatsikira kwa alamu anga a Kachingwe ku Soshanguve. Amene analamula zimenezo sadziwika, zinangoyamba. Kukatenga ndi ulendo wa tsiku lathunthu, kutsika tekisi iyi kukwera iyo. Ndiponso katundu akagona kwa alamu amaonda. Usipa wa chaka chatha unanyamuka ku Ntcheu uli thumba, unandipeza uli kajumbo.

Zondidetsa nkhawa lero:
mvula inyowetsa bulauzi pa Mwanza
bulauzi inunkha usipa wa eni ake
alamu aikapo poto pamwamba
ndanenepa chitumizireni miyeso

Masana. Ndikupukuta fumbi mu ofesi ya Madamu Dineo. Madamu amagwira ntchito ku kampani yaing'ono ya intaneti, koma masiku ambiri amagwirira pakhomo pompano ku Garsfontein. Ali pa foni, akungobwereza kuti, "Talengeza, talengeza kale." Mtima wanga myuu! Kwathu kulengeza m'mawu otere ndi maliro. Ndikufunsa kuti watisiya ndani. Akuseka, akundikhazika pampando, akundifotokozera.

Akuti makina alionse a pa intaneti ali ndi nambala yake, ngati nambala ya nyumba. Dzina lake ndi IP adiresi. Kampani iliyonse imapatsidwa manambala ake ondondozana, ngati msewu wathunthu wa mapoloti, kuyambira apa kulekezera apo. Tsono palibe ofesi yaikulu yodziwa njira zonse. Kampani imangouza oyandikana nayo kuti, "Manambala awa ali kwa ine." Oyandikanawo nawonso amauza anzawo kuti, "Wofuna manambala awa adzere kwa ine." Mpaka dziko lonse lamva. Uthenga ukanyamuka umangotsata njira yaifupi imene makinawo amva. Kauzidwe kameneka akuti ndi BGP.

Ndikufunsa kuti nanga amene amaona ngati munthu akunena zoona ndani. Akuti, "Osamala amayamba aona kaye. Ena amangokhulupirira."

Amangokhulupirira! Mabanki, zipatala, mafoni athu, zonsezi zaima pa akuti-akuti ngati amayi pa mjigo. Tsopano ndikuderanso nkhawa dziko lonse.

Ndikusesa maluwa a jakaranda pageti, nzeru ikundifikira. Nanenso bwanji osalengeza? Ndiuze a Wyson kuti katundu wanga adzere kwa ine. Njira yaifupi. Bulauzi isaone n'komwe Soshanguve!

Lachiwiri

Tsiku lolengeza. Ndadzuka ndi mtima woyera.

Ndayamba ndapempha Madamu kuti kachikwama kamodzi kafikire pageti. Akuti palibe vuto. Sanatembenuke n'komwe, maso ali pa kompyuta.

Mawu ndayeserera pamaso pa galu wa Madamu, dzina lake Bobo. Wamvetsera mpaka kumapeto. Kenako ndajambula voisi pa foni:

"A Wyson, mwayenda bwanji? Ndine mwana wa a Nambewe a ku Ntcheu uja. Katundu wanga musavutike kupita naye ku Soshanguve. Mutsitse kuno ku Garsfontein, pafupi ndi msewu waukulu, geti lobiriwira."

Ndikuimvetsera ndisanatumize. Ayi, siikumveka bwino. Wanga, wanga. Ngati munthu wodya atatseka chitseko. Amayi sanandilere choncho. Kwathu ukamadya, wodutsa umamuuza kuti tidye nawo, ngakhale m'mbale mwatsala msuzi wokha. Iyenso amadziwa mbali yake, amati zikomo ndadya kale, n'kumapita. Palibe amakhala pansi.

Ndiye ndajambulanso, n'kuonjezera kumapeto kuti, "Ndipo ngati pali wina wapafupi kuno, musazunzike, mukhoza kusiya pompano." Basi. Mawu aulemu chabe. Tsopano ikumveka ngati ya munthu woleredwa.

Ndatumiza!

A Wyson ayankha msanga. "Shapu shapu mayi, mwatiombola. Soshanguve imatimwera dizilo. Ndauza kale anzanga."

Anzanga ati? Awauziranji? Ndikuganiza pang'ono, kenako ndikudzilimbitsa mtima. Mwina angowauza kuti ndine munthu waulemu.

Ndaimbiranso Mayi Phiri a ku Queenswood, atcheya athu a chigwirizano. Iwowa anabadwira ku Zimbabwe koma makolo awo ndi a ku Dedza, ndipo Chichewa chawo chimakhala ndi timiyala ta Chishona ngati mpunga wosasankha. Ndi mayi wamkulu thupi, wamkulu mawu. Akuti, "Wachita bwino mwanangu, basi ufike Lamulungu utasita, osati makwinya."

Zimene zayenda bwino lero:
zochapa zauma mvula isanabwere
Bobo sanakumbe maluwa
nyimbo yolowera ndaiimba yonse osaona m'buku
ndapezera intaneti ntchito

Tiyi wamadzulo ndathira shuga wambiri. Munthu wa sitandade folo kuchita zimene amachita Madamu pa kompyuta! Alamu akamva adzangoti kukamwa yasa.

Lachitatu

Hutala pageti ndisanatsuke n'komwe makapu. Ndikuthamanga, mopu m'manja. Bulauzi yanga!

Si a Wyson. Ndi bambo wina wachipewa chofiira, sindinamuonepo chibadwire. Akumasula kale zingwe za thirela. Akuti, "Ndinu mayi a geti lobiriwira? Akuti za ku Garsfontein zonse ndi kwa inu."

Ndikufuna kunena kuti ayi. Pakamwa pakutuluka "Mwayenda bwanji abambo."

Watsitsa:
matumba a mpunga
ufa woyera
usipa, matemba, ndi china chonunkha koposa zimenezo
zikwama zija timati ukwati watha, zonse zofanana
mpando wa ndalema, mpando weniweni, wochokera ku Malawi mpaka kuno

Changa palibe. Akuti a Wyson akadali pamzere ku Beitbridge.

Ndakokera zonse m'kachipinda kanga ka kuseri. Bedi silikuoneka. Kuti ndifike pa sutikesi ndikuchita kukwera mpunga.

Dzuwa lili pamutu, hutala ina. Uyu akuti wamva kwa wachipewa chofiira kuti za Pretoria ya kum'mawa yonse zikutsikira pano. Kum'mawa konse! Ine ndinati wina wapafupi. Mawu anga akunenepa m'njira, katundu ndiye amaonda.

Izi zachiwirizi ndaika m'galaja, kuseri kwa galimoto ya Madamu, n'kufunditsa nsalu ya pa makina otchetchera udzu. Madamu atsekera mu ofesi, zomvera zili m'makutu. Bobo wakhala pakhomo la galaja, mphuno pansi pa chitseko, akulira ngati wofedwa.

Chakumadzulo eni katundu ayamba kufika akaweruka. Sindinkadziwa kuti m'misewu yathu ino muli Amalawi ochuluka chonchi! Bambo wina wosamalira maluwa kuseri kwa sitolo, kwawo ndi ku Thyolo. Mtsikana wolera mapasa mumsewu wachiwiri, wa ku Balaka, takhala tikudutsana chaka chonse tikupatsana moni wa Chizulu. Lero taseka mpaka misozi.

Aliyense akatenga chake akumasula pakamwa pa thumba n'kunditapira. Ndikukana mwaulemu. Iwo sakumva, akungothira m'mbale. Nsinjiro, nyemba, mfutso wa nkhwani. Zaka ndisanaone mfutso!

Alamu aimba kuchokera ku Soshanguve. Ndikuti akwiya kuti ndawalanda udindo. Akuseka mpaka kutsokomola. "Mlamu, Mulungu akudalitseni! Lero ana aona simenti ya pabalaza koyamba. Musabweze ayi. Walira mvula walira matope."

Ndiwo za lero zakoma kwambiri. Nkhawa ilipo, koma ndakhuta.

Lachinayi

M'nyumba muli moto. Si za usipa, mwamwayi.

Madamu akufuula mu ofesi, mafoni onse akulira nthawi imodzi. Tiyi wazizira, ndapanga wina, waziziranso. Akuti makasitomala awo alibe intaneti. Sukulu ina, malo ogulitsa mankhwala, anthu m'nyumba, onse zii.

Ndalowa ndi thireyi. Akundiuza ali chiimire, chifukwa alibe wina womuuza. Akuti kakampani kena kakang'ono, kudziko lina lakutali, kalengeza molakwitsa kuti manambala a kampani ya Madamu ali kwa iko. Ndi a makampani enanso ambirimbiri. Woyandikana nako sanaone kaye, wangouza anzake, anzakewo auza anzawo. Tsopano uthenga wa anthu onsewo ukukhamukira ku kamakina kamodzi kosatha kusenza, ndipo katsamwa.

Akumenya tebulo. "Munthu ulengeza bwanji zinthu zosakhala zako? Ulibe ngakhale poziika!"

Ine ndaima ndi thireyi. Mphepo ikuchokera ku galaja. Ndikupemphera kuti Madamu akhale ndi chimfine.

Ndikumumvera chisoni munthu wakutaliyo. Ndikumuona ali m'kachipinda kake, uthenga wa eni ake utaunjikana mpaka pabedi, hutala zikulira pageti. Ndikunena chapansipansi kuti, "Mwina amangochita ulemu." Madamu akundiyang'ana ngati ndayankhula Chichaina.

Pofika masana zatheka. Ndikufunsa kuti akonza bwanji, ngati ndikungocheza. Akuti zinthu ziwiri. Choyamba, alengeza manambala awo m'timagulu ting'onoting'ono, chifukwa makina amamvera wonena molunjika kuposa wonena mwachisawawa. Chachiwiri, aimbira anthu akutaliwo kuti abweze chilengezo chawo.

Kubweza! Kani zimabwezedwa!

Ndathamangira kuseri. Voisi kwa a Wyson: "Ndabweza mawu aja. Katundu yense azipita ku Soshanguve monga kale."

Ndatumiza. Ndapuma. Ndikusita malaya a Madamu, kenako ayironi ikuima yokha m'manja. Katundu yense! Bulauzi yanga nayonso ndi katundu.

Voisi ina: "Kupatula wanga, a Wyson. Wanga yekha abwere kuno." Lilime likufuna kuonjezera za wapafupi. Ndaliluma.

Ndikuganizanso. Akaona a Wyson akutsitsa pano, madalaivala enawo sadzayambiranso? Ndaimbira Mayi Phiri. Akuti, "Asiye kwanga ku Queenswood, ndikubweretsera Loweruka." Nzeru! Voisi ina: Queenswood.

Patapita kanthawi ndikukumbuka kuti abwana a Mayi Phiri ali ndi agalu olusa, ndipo amang'amba chilichonse cha pageti. Voisi ina: mwina kuno konkuno. Kenako ina yopepesa chifukwa cha mavoisi.

Pamene ndikubweza choncho, pageti paima thirela. Dalaiva wake akuti wamva pa Mwanza kuti Pretoria yonse tsopano ndi geti lobiriwira. Ndikumuuza kuti zinabwezedwa. Akuti iye sanamve. Akutsitsa.

Pakati pa katunduyu pali mtondo ndi munsi wake.

Lachisanu

Zaululika.

Madamu akufuna galimoto kuti apite ku ofesi yaikulu. Ndikuti ndiwatulutsire makiyi, ndiwapukutire galasi, chilichonse. Atsegula galaja okha. Bobo walowa ngati chipolopolo. Thumba la usipa waling'amba pamimba, usipa mbwee mpaka pansi pa matayala!

Madamu aima, chikwama paphewa. Akuyang'ana mpunga. Akuyang'ana mtondo. Akuyang'ana mpando wa ndalema. Akuti, "Kachikwama kamodzi kaja ndi kati?"

Ndikuona kale sutikesi yanga ili panja. Ndafotokoza zonse, kuyambira Lolemba, ndawamvetsera ndi mavoisi omwe, ndikuwamasulira m'Chingerezi changa chothyokathyoka.

Amvetsera mpaka voisi yomaliza. Kenako mapewa ayamba kugwedezeka. Akhala pa thumba la mpunga wa eni ake, akuseka mpaka kuvula magalasi. "Dzulo ndimatukwana munthu wa kutsidya kwa nyanja, chonsecho mnzake ali m'galaja mwanga!"

Ntchito sinathe. Mulungu ndi wabwino. Malamulo ndi awa: galaja ikhale yoyera pofika Lamulungu madzulo, ndisalandirenso kanthu ndisanafunse kuti n'ka yani, ndipo mpunga wonunkhirawu ndiwaphikireko alawe.

Koma andiuzanso ziwiri zimene zandichotsa tulo ta masana. Akuti kubweza kumayenda pang'onopang'ono kuposa kulengeza, akutali amakhalabe ndi nkhani yakale. Ndipo akuti wolengeza n'kubweza, kulengeza n'kubweza, anzake amatopa naye, amayamba amuika pambali kaye mpaka akhazikike.

Ndikuyang'ana foni. A Wyson atumiza voisi. "Eish mayi, mavoisi anu ndasiya kutsegula. Mukagwirizana ndi mtima wanu mundiuze." Kenako akuti malire adutsa, koma thirela yathyoka chitsulo pafupi ndi Polokwane. Katundu wa ku Pretoria apatsira mnzawo. Ndikuwaimbira, ndikufunsa kuti mnzawoyo amuuza kuti wanga apite kuti. Akuti amumvetsera voisi imodzi. Iti? Sakukumbuka.

Usipa ndatola ndi manja, ndapeta, ndasoka thumba. Wina uli m'mimba mwa Bobo, wina unapondedwa. Mwini wake wabwera, mayi wa ku Salima. Wanyamula thumba, waliyesa kulemera, wandiyang'ana. Diso limenelo ndikulidziwa bwino. Ndi lomwe ndimawayang'anira alamu chaka chilichonse. Wanditapirabe pang'ono, mwamwambo, thumba n'kuonderatu.

Lero pageti ndakana dalaiva mmodzi! Ndamuuza kuti pano sitilandira. Wandiuza kuti ndi mankhwala a zitsamba a agogo ena odwala miyendo ku Mamelodi, ndipo iye akubwerera lero lomwe. Mankhwalawo ali m'galaja.

Zotsala masiku asanathe: bulauzi, duku, siketi. Ndiye kuti zonse.

Loweruka

M'mamawa alamu aimba. "Mlamu, chikwama chanu chafika kuno! Chalembedwa dzina lanu, Amayi amanga ndi chingwe cha buluu."

Ndavina m'khitchini! Ndikuti musachigwire, musaikepo poto, ndikwera tekisi masana ndikaweruka.

Akuti, "Aa, mukwereranji? Ndinamva kuti mwati chipite ku Queenswood. Ndapatsira kale a Zuze, akwera sitima ya m'mawa." A Zuze ndi oyandikana nawo, amagwira ganyu m'tauni.

Chabwino. Queenswood si kutali. Ndikuimbira Mayi Phiri kuti adikire pageti. Foni yawo ikulira kumbuyo kwanga. Ndikutembenuka: ali pageti lobiriwira, ndi amayi ena a chigwirizano, abwera kudzatenga mpunga wawo.

A Zuze afika ku Queenswood, apeza geti lokhoma ndi agalu. Afunsa dalaiva wina pa foni kuti Garsfontein ndi kuti. Dalaivayo wawauza kuti asayerekeze, mayi a geti lobiriwira anatseka, akubweza aliyense, zonse ndi ku Soshanguve. Ndiye kuti kubweza kwanga kwa Lachinayi kwawafika lero. A Zuze akwera tekisi kubwerera.

Ndaimbira alamu kuti a Zuze akafika achigwire zolimba. Alamu ali ku maliro ku Mabopane. Pakhomo pali akazi awo, amene sanamve kalikonse chiyambire Lachitatu. Alandira chikwama, aona dzina, n'kupatsira dalaiva wina amene amadutsa, akuti amapita cha ku tauni. Dzina lake sakulidziwa. "Wamtali, waulemu."

Mapanga awiri avumbwitsa, amatero akuluakulu. Ine ndinali ndi atatu.

Madamu atuluka ndi kapu ya khofi, amva nkhani. Akuti pa intaneti zimachitikanso, uthenga kumangozungulira, uyu kupatsira uyo, uyo kubwezera uyu. Ndikufunsa kuti mapeto ake amatani. Akuti ukazungulira kwambiri makina amautaya.

Amautaya!

Ndakhala pa mtondo, ndikulira. Bulauzi imene Amayi asita ndi manja awo ikuzungulira Pretoria ngati mlendo wopanda abale.

Mayi Phiri andisiya ndilire pang'ono, kenako aomba m'manja. "Iwe, misozi siivalidwa. Mawa ukuvekedwa, kaya zivute zitani. Amayi, tachitani manyazi, mwadya mpunga wosungidwa ndi mwanayu." Galaja yasanduka msonkhano.

Zimene zapezeka:
bulauzi yachiwiri ya Mayi Phiri
duku la mtsikana wa ku Balaka, akuti ndi la mayi ake aang'ono
mapini a mayi wa ku Salima uja, wa diso uja, wabwerera dala kudzandipatsa
siketi yakuda ya Madamu, yopitira kumaliro

Ndayesa bulauzi. Tingalowemo awiri ndi Bobo. Manja akulendewera kupitirira zala. Amayi onse agwada mondizungulira, mapini kukamwa, uyu kukoka uku, uyu kupinda uko. Mayi Phiri akuti, "Usapume mwamphamvu, ndipo aleluya ukweze dzanja limodzi."

Taphika mpunga wonunkhira uja ndi nyemba, tadyera m'galaja momwemo, ena pamatumba, Madamu pa mpando wa ndalema. Aonjezera kawiri. Aphunzira kunena "zikomo kwambiri." Ndawachenjeza kuti mawu aulemu aziwasamala.

Aliyense pochoka wanyamula chake ndi cha woyandikana naye. Simenti ya galaja yayamba kuoneka.

Lamulungu

Ndavekedwa.

Ndakhala kutsogolo. Nyimbo yolowera sindinaphonye ngakhale liwu. Abusa atandiitana ndayenda pang'onopang'ono ngati mkwatibwi, anthu akuti ndi ulemu, chonsecho ndi mapini. Imodzi yandibaya m'nthiti nthawi ya pemphero. Ndati amen mokweza kuposa onse.

Mayi Phiri pondimanga duku alira. Nanenso. Alamu abwera kuchokera ku Soshanguve atavala jekete, andipatsa kajumbo ka mtedza. Akuti, "Zochokera m'katundu wa eni ake, mlamu. Tsopano mukudziwa." Ndalandira ndi manja awiri.

Nthawi ya zolengeza mlembi wafunsa ngati pali wina ali ndi chilengezo. Amayi a mzere wonse atembenukira kwa ine. Ndakhalira manja anga.

Titaweruka andijambula pansi pa jakaranda. Chithunzi ndatumiza kwa mng'ono wanga kumudzi kuti awaonetse Amayi. Ndadikira mtima uli m'mwamba. Adziwa kuti si imene anasita. Ndiwauza chiyani?

Voisi yafika ndili m'tekisi. Amayi akulankhula mokweza monga amachitira pa foni, tekisi yonse yamva.

"Mwana wanga, wakongola, koma waonda bwanji! Bulauzi ija ndinayesa ndekha, lero ukusambiramo. Kodi ukudya kumeneko? Ndikutumizira ufa, nyemba ndi mbatata sabata yamawa. Usavutike kupita kwa alamu ako. Kuno aliyense akunena kuti za ku Pretoria masiku ano zimatsikira kwa mayi wina wabwino mtima wa geti lobiriwira. Ukafunse, ukatenge kumeneko. Ukamuthokoze, umutapireko pang'ono."

Ndayankha kuti chabwino Amayi, ndimuthokoza.

Ndafika, ndavula, ndawerengera mapini m'kambale kuti ndibweze. Ndasesa galaja. Galimoto ya Madamu ikununkhabe usipa, akuti azolowera. Ndamwa tiyi ndi mtedza wa alamu, Bobo ali pamapazi.

Bulauzi, duku ndi siketi sizinafike, ndipo dalaiva wamtali waulemu sakudziwika. A Wyson sakutsegulabe mavoisi anga. Mtondo ulibe mwini, ndaubisa kuseri kwa thanki. Amayi sindinawauze. Pa Mwanza akulengezabe geti lobiriwira.